Mdzukulu Amene Sindinamutulutse M'chikuta

Senderani kuno, ana inu, mumve chimene chimandiwawa mpaka lero.

Chaka cha mliri wa korona ndinkakhala kutsidya kwa nyanja, ku Balga, ndi mwana wanga wamkulu, namwino. Mng'ono wake anali woyembekezera ku Melbourne, m'chigawo china cha dziko lomwelo. Kwathu mwana woyamba amasambitsidwa ndi agogo ake, ndipo mchombo ukagwa ndi iwowo omutulutsa m'chikuta. Zitenje ndinali nditalongedza kale.

Basi tinangomva kuti malire atsekedwa, ukatuluka sakulola kubwerera.

"Malire atinso? Si dziko limodzi ili?" ndinafunsa.

"Amayi, kuno chigawo chilichonse chili ndi boma lake," anatero namwinoyo. "A ku likulu akufuna mphamvu zikhale kwa iwo, njira zitseguke. A kuno akuti pakhomo pano ndi pawo."

Tsiku ndi tsiku atsogoleriwo ankalozana zala pa wailesi ya kanema. Koma mchombo sudikira andale. Mwana atabadwa, unagwa mayi wake ali yekha m'fulati, ndipo posowa pokwirira anautaya m'bini asanandiimbire n'komwe.

Andale aja ena anapuma ntchito, ena akukanganabe. Namwinoyo akadali pantchito kuchipatala. Mng'ono wake safunsanso za mwambo. Mdzukuluyo akandiona amabisala kumbuyo kwa mayi ake. Ine zitenje zija zikadali m'sutikesi.