Chibwantu cha Amayi ku Siavonga

Mdzukulu wanga akukazinga tinsomba ta kapenta kuno ku Chelstone, ndipo fungo lake landibwezera ku Siavonga.

Tinkakhala ku Kabwata, masiku a chipani chimodzi. Kuntchito kwa atate anatulutsa basi yoti mabanja akaone nyanja ya Kariba. Amayi, Mtonga wa kuchigwa cha komweko amene anakwatiwa ndi mwamuna wa ku Chipata, anakana kawiri konse. Kachitatu anavomera, n'kunyamula botolo la chibwantu, thobwa la kwawo.

Tauni ya Siavonga inali yaing'ono: tinyumba m'mapiri, maboti oyera, asodzi akuyanika kapenta padzuwa. Akuluakulu anatsegula wailesi n'kuyamba kuwotcha nyama. Ife ana tinathamangira m'madzi, atate akukuwa za ng'ona.

Nditacheuka ndinaona amayi atagwada okha pamwala, akuthira chibwantu m'nyanja pang'onopang'ono.

"Bwelani muone!" ndinaitana anzanga. "Ba mami apatsa nsomba chibwantu!"

Tinaseka mpaka kutsamwa madzi. Amayi sanakalipe. Anandikodola, n'kuloza kutali pakati pa nyanja, pomwe boti linkakoka mzungu wotsetsereka pamadzi.

"Waona paja? Ndiye pamunzi pathu. Ambuya ako ali paja."

Ndinayang'anitsitsa. "Mu boti? Nanga sabwela kutipatsa moni?"

Anandipukuta kumaso ndi chitenje, chonsecho misozi inali m'maso mwa iwowo.

Amayi sanalawepo kapenta mpaka imfa yawo. Ndinadzazindikira ndili kale ndi ana anga kuti madzi a damu lomwe linapanga nyanjayo atayamba kukwera, malole anasamutsa amoyo okha, ndipo tsiku lija ine ndinkaseka ndikusambira pamwamba pa manda a amayi awo.