Kapepala kamene anamata pansi pa kompyuta ya malemu amuna anga

Zithunzi zonse zimene amuna anga anajambula pa moyo wawo zapita. Zapita chifukwa cha ulesi wa tekiniko wa pa loja ina, shopu yokonza makompyuta pafupi ndi msika waukulu wa Lichinga. Ndikulemba izi mtima ukuwawa.

Inu a kwathu ku Chiuaula mumawadziwa amuna anga, bambo a Zainabu. Ankajambula maukwati, zikondwerero za Chisilamu za ziyara ndi ana omaliza sukulu. Zonse ankasunga mu kompyuta imodzi ya Linux kunyumba, yolumikizidwa pa intaneti kuti makasitomala azitenga zithunzi zawo ali kwawo. Momwemo munalinso vidiyo imodzi yokha imene iwo akuoneka, akuseka ndi kuyankhula. Nthawi zonse ankakhala kuseri kwa kamera.

Anamwalira mwezi watha. Kompyuta itayamba kuvuta, ndinaitana tekiniko. Analonjeza Lolemba, anabwera Lachitatu 2 koloko masana. Atamaliza anandiuza kuti wayatsa fayawolo, chotchinga chimene chimaletsa anthu akunja kulowa mu kompyuta kudzera pa intaneti. Ndinamupempha kuti azimitse kompyutayo n'kuiyatsanso tione. Anakana, akuti akuthamangira kasitomala wina ku Assumane. Tiyi amene ndinamuphikira yekha ndiye anapeza nthawi yomwa.

Loweruka magetsi anazima kwa mphindi makumi anayi. Atabwera, kompyuta inayaka yokha ngati masiku onse. Sindinakayike chilichonse.

Lachiwiri mwana wanga Zainabu, amene akuphunzira ku Nampula, anapempha kuti ndimutumizire vidiyo ija, amve mawu a bambo ake. Ndinatsegula. Palibe fayilo imene inatseguka. Anthu osadziwika anali atalowa n'kuwononga zonse, n'kusiya uthenga wa Chingerezi. Ndinangokhala pansi.

Ndinaitana dona Rosa, aneba anga amene amaphunzitsa za makompyuta ku sekondale. Anayang'ana kwa ola lathunthu, kenako anandifotokozera pang'onopang'ono. Akuti fayawolo imagwira ntchito kachidutswa kake kotchedwa modulo kakalowetsedwa mu kenelo, mtima wa kompyuta. Ukakalowetsa pamanja, kamakhala mpaka kompyuta izime, basi. Kuti kazilowa kokha nthawi zonse, dzina lake limalembedwa mu fayilo imene kompyuta imawerenga ikamayaka. Mzere umodzi. Tekiniko sanaulembe. Kuyambira Loweruka, khomo linali pululu.

Lachitatu ndinakwera mota, njinga yamoto, mpaka ku loja. Ndinafika 8:30, kuzizira kukulowa m'mafupa. A pa loja ankangoti tekiniko akubwera, akubwera. Anatulukira 11:15 akutafuna mbatata yowotcha.

"Koma mama, ndinalembatu," anatero. "Kapepala ndinamata pansi pa kompyuta. Magetsi akazima mumayenera kulemba mu kompyuta mawu ali pakapepalapo."

Pansi pa kompyuta. Ndani amatembenuza kompyuta kuti awerenge kunsi kwake? Mayi wamasiye amene akadali m'masiku olira, azilota kuti pansi pali kapepala? Ndipo munthu wokhala mu Lichinga muno sakudziwa kuti magetsi amazima?

Ndinamufunsa chifukwa chake sanandiuze. Akuti anaiwala. Mwini loja anangoti pasiyensiya, ndipirire, ndikanasunga zithunzizo penanso. N'zoona, ndikanasunga, ndipo zimenezo zizindidya mpaka kalekale. Koma si chifukwa chake ndinaitana munthu wodziwa ntchito? Pepani sanatuluke pakamwa pa aliyense.

Dzulo tekiniko anabwera kudzalemba mzere uja. Ndinayang'ana wotchi. Sanathe ngakhale mphindi imodzi. Anazimitsa, anayatsa, n'kunditembenukira akumwetulira kuti tsopano zili bwino. Inde, fayawolo tsopano ikudzuka yokha, ikulondera kompyuta yopanda kanthu.

Abale anga, wokonza kompyuta asatuluke pakhomo panu asanaizimitse n'kuiyatsanso inu mukuona. Akakana, musamulole kupita.

Zainabu amaimba tsiku lililonse kufunsa vidiyo. Ndimamunamiza kuti intaneti ikuvuta. Lachisanu akufika kudzakhala nawo pa arobaini, sadaka ya masiku makumi anayi a bambo ake, ndipo akuti tidzaonera limodzi. Inu a loja, kunyumba kwanga mukukudziwa. Bwerani mudzamuuze nokha kumene mawu a bambo ake apita. Ine ndayesa katatu, pakamwa pakukana.