Chithunzi Chimene Akuti Chathimbirira

Pakhoma la pabalaza panga, kuno ku Mangochi, pali chithunzi chimene ndinalandira kwa wansembe wa Chidatchi amene anandiphunzitsa ku mishoni. Mmisiri wina anachijambula ndi penti kwawoko m'zaka za m'ma 1600. Changachi ndi chosindikiza chabe. Muli mtsinje wodekha, pantoni itanyamula ng'ombe ziwiri, ngalawa ya tanga lolendewera, ndi kanyumba kapemphero kutsidya. Zonsezi zapanikizana m'munsi. Kotsala konse ndi thambo lotuwa.

Chaka chatha, pokonzekera chinkhoswe cha mdzukulu wanga, mayi wake, amene ali mwana wanga wachisamba, anabwera kuchokera ku Blantyre nalamula kuti nyumba ipakidwe laimu. Khoma litauma, ndinapeza chithunzi changa atachigoneka pa thumba la chimanga. Pamsomali pake panali china chimene anagula ku hotela ya Makokola, cha mitundu yothobwa m'maso, mbalame zake zazikulu kuposa bwato.

"Bambo, chanucho chathimbirira," anatero. "Ndayesa kupukuta galasi ndi sopo, koma utsi unalowerera. Alendo adzati m'nyumba muno mulibe munthu wamkazi."

"Si utsi umenewo, mwanawe. Mwini wake anachipanga chotero."

"Munthu wamaso ake n'kusankha mtundu wa phulusa?"

Sindinatsutsane naye. Ndinakwera pampando, mawondo akudandaula, ndi kubwezera chithunzi changa pamalo pake. Iye anachitsitsa masana, ine ndinachikweza. Tinachita zimenezi masiku atatu, tikupatsana moni mwaulemu wonse.

Tsiku lachinayi kunabwera malume a mkwati kudzamaliza zokambirana, Msilamu wa ku Nkope amene wakalambira pa usodzi. Anandipeza ndili pampando paja, chithunzi chili m'manja. Mwana wanga anachita manyazi.

"Pepani, ambuje, ndi zakale za bambo izi. Tikuchotsa."

Mkuluyo anachilandira, nachiyang'ana nthawi yaitali.

"Mwalimu, nyanja iti imeneyi?" anandifunsa, kunditcha mphunzitsi m'chiyankhulo chakwawo.

"Mtsinje wa kwa Azungu."

"Wallahi, wojambulayu anali m'bwato. Taonani pamene waika gombe, pansi penipeni. Woima pamtunda saona chotere. Ukakhala pansi m'bwato, dziko limatsala kachingwe, kwinako mitambo yokhayokha." Analoza tanga lija naseka. "Ndipo awa agwidwa ndi bata. Apalasa mpaka matuza."

"Koma mtunduwo, ambuje?" anafunsa mwana wanga. "Madzi amatuwa chotero?"

"Mama, munakhalapo pamadzi m'mawa wa mitambo, mphepo itagona? Madzi ndi thambo zimakhala nsalu imodzi. Zofiira izi," anatembenukira chithunzi cha ku Makokola chija, "ndi za anthu odyera pakhonde la hotela."

Ndiulule kuti zaka zonsezi ndinkachikonda chithunzichi osadziwa chimene msodziyo anaona m'kamphindi. Wansembe uja anatiphunzitsa dzina la dziko ndi zaka, koma za pamene wojambula anakhala sanatiuze.

Mwana wanga sanagonje msanga. Mlendo atapita, iye anandiuza kuti, "Chikhale kuchipinda kwanu, tsiku limodzi lokha."

Ndinayankha kuti alendo akudza kudzaona banja limene mwana wawo akulowamo, ndipo banjalo lili ndi nkhalamba imene imakonda thambo lotuwa. Akafuna kubisa chithunzi, ayambe wabisa ine.

Pa tsiku la chinkhoswe ndinakhala pansi pake penipeni, nditavala jekete, ndipo aliyense wodzandipatsa moni anayenera kuchiona.