Njinga Yopanda Mabuleki

Lachitatu, pa 9 Juni 1999. Umo ndi mmene tsambalo likuyambira m'kabuku kanga kakale, momwe ndinkalemba za tsiku lililonse. Ndikukumbukira kuti masana amenewo ndinakhala pa njerwa kuseri kwa nyumba yathu ku Matero, juzi ya sukulu ndisanavule chifukwa cha mphepo, ndikulemba mawu opepesa. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Dzina langa ndine Tikambenji, koma kukambako ndiye kunkandivuta kuposa china chilichonse. Aphunzitsi akandiloza, lilime linkauma. Zonse zimene pakamwa pankalephera ndinkaziika m'kabukuko.

Mlandu wake unali wotere. Aphunzitsi athu a Chinyanja, ba Sakala, anatiuza kuti tilembe za ntchito imene munthu wachikulire wa kwathu ankagwira kale. Anzanga analemba za ulimi, za njanji, za kusoka. Ine ndinalemba za agogo anga aamuna, bambo a amayi, amene tinkakhala nawo.

Agogo anapita kunkhondo yaikulu yachiwiri, ndipo kumeneko anaphunzira kukonza magalimoto. Nkhondo itatha sanabwerere kumudzi ku Katete. Anapeza ntchito kumigodi, ndipo kumapeto kwa sabata ankakonza njinga zamoto za azungu amene ankapikisana pa bwalo lozungulira la dothi. Ankati matimu a m'matauni osiyanasiyana ankakumana mu ligi nyengo yonse, ndipo panalinso chikho. Okwera anayi ankanyamuka pamodzi, awiri a timu ino, awiri a timu inayo. Woyamba ankapata mapointi atatu, wachiwiri awiri, wachitatu imodzi, womaliza ankangodya fumbi. Koma chimene ndinachidula mzere kunsi m'chimangirizo changa, chifukwa chinkandichititsa chidwi kwambiri, chinali chakuti njinga zimenezo zinalibe mabuleki.

M'mawa wa Lachitatu limenelo ba Sakala anatibwezera mapepala athu. Langa analisiya lomaliza. Pamwamba pake panali liwu limodzi lofiira: Bodza.

"Tikambenji, ndinati mulembe zoona, osati nthano," anatero. "Chopanda mabuleki m'Lusaka muno ndi wilibala yokha."

"Na minibasi ya ku Chawama, ba ticha!" wina anakuwa kumbuyo, kalasi lonse n'kufa nacho chiseko.

Ba Sakala sanali munthu wankhanza, ankangodana ndi kupeka. Anati mawa lake ndidzaime kutsogolo, ndidzauze anzanga kuti ndinangopeka, ndipo nkhani idzathera pomwepo.

Kuima kutsogolo kunali kale chilango chokwanira kwa ine. Koma chimene chinkandilemera chinali china. Ndikanena kuti ndinapeka, aliyense akanadziwa kuti wopeka weniweni ndi agogo, pakuti nkhani imeneyi ankaikamba kwa aliyense wofuna kumva. Anyamata a pakona pathu anali atawapatsa kale dzina. Akamadutsa ndi ndodo yawo ankawakuwiza kuti, "Ba No Buleki, imani! Muzagunda chipupa!" Agogo ankangokweza chipewa ngati alonjeredwa.

Amayi, amene ankagulitsa tomato pakhomo, atamva nkhaniyo sanachedwe nayo, anati ndikapepese mawa, zithe. "Upepese chabe mailo, vizasila. Ba ticha si bantu bolimbana nabo." Ndiye chifukwa chake ndinali pa njerwa paja. Mawu opepesawo ndinawalemba katatu kuti akhale aafupi, oti ndithe kuwanena ndi mpweya umodzi.

Kenako ndinamva agogo akuitana kuchokera pakhonde. "Tika, mbaula ikuzima. Tapa makala."

M'thumba la makala munkakhala chitsulo china chopindika, chachitali ngati chikhatho ndi theka, chokhala ndi mlomo wokwera kutsogolo ndi timabowo tiwiri m'mbali. Chiyambire kubadwa kwanga tinkachitcha chotapira. Nditawerama kuti ndithire makala m'mbaula, mapepala anga onse awiri, la chimangirizo ndi lopepesa, anagwa kuchoka m'thumba la juzi. Agogo anawatola ndisanawafikire. Anavala magalasi awo omangidwa ndi ulusi, n'kuwerenga pang'onopang'ono, milomo ikugwedera. Ine ndinangoima ndi chotapira m'manja.

"Apa walakwitsa," anatero.

Ndinaganiza kuti avomera kuti ankangocheza.

"Walemba kuti ankazungulira katatu. Ndi kanayi. Konza."

"Aphunzitsi akuti zonse n'zabodza, agogo."

"Sindiwadabwa. Inenso tsiku loyamba ndinafunafuna mabulekiwo, ndinkayesa wina waba."

Pamenepo ndinafunsa funso limene ndinali ndisanafunsepo, chifukwa nthawi zonse ndinkangomvetsera n'kukalemba. Ndinati, nanga pokhota ankatani?

Agogo anavula magalasi. Anati pokhota ndi pamene pankadziwika munthu. Njinga ikuthamangira mpanda wamatabwa, thupi lonse limakuuza kuti chepetsa moto. Ukachepetsa, njingayo imaima chilili n'kukutengera kumpandako. Wodziwa amaipendeka, amawonjezera moto, gudumu lakumbuyo limatsetsereka cham'mbali likumwaza dothi, ndipo phazi lamanzere limakhwekhwereza pansi mpaka watuluka.

Anandiuza za nyengo ina pamene timu yawo inalephera ligi, n'kutsala ndi chikho chokha. Wokwera wawo wodalirika anali atagwapo moipa, ndipo chigwereni ankachepetsa moto pokhota paliponse. Anthu akuda sankaloledwa kupikisana nawo, koma njinga ikakonzedwa ankaiyesa ndi agogo m'mawa, bwalo lili lopanda anthu. Tsiku loti mawa mpikisano womaliza, agogo anamuitana mzunguyo kuti aime pokhota, angoyang'ana dzanja lawo lamanja, lowonjezera moto. Anazungulira kanayi, dzanja osabwerera m'mbuyo. Mawa lake chikho chinabwera kwawo.

"Chithunzi anajambula," anatero agogo, "koma ine anati ndigwirizire njinga kumbali. Ukachipeza udzaona chigongono changa."

Anaseka, koma ine sindinaseke. Ndinali kuganiza za phazi lija. Ndinawafunsa ngati silinkapsa pokhwekhwereza pansi liwiro lonselo.

Anayang'ana m'manja mwanga. "Bweretsa chimenecho."

Anachigogoda pansi kuti phulusa lichoke, n'kuchilowetsa kunsi kwa nsapato yawo yamanzere. Chinakwana ndendende: inali nsapato yachitsulo. Mlomo wokwera uja unaphimba zala, ndipo timabowo tija anati ndi modutsa lamba. Anachisula okha, anatero, chimodzi cha mzungu uja, china chawo. Atachivula anapukuta kunsi kwake ndi mpango. Pansi pa mwaye chitsulocho chinali chosalala ngati supuni, ndipo mbali imodzi inali itadyeka mpaka kupyapyala.

Amayi anasiya kasitomala ali chiimire. "Atate! Zaka zonse izi titapila nayo malasha, imwe zii?"

"Munandifunsa? Ndipo imatapa bwino."

Kenako anandibwezera mapepala anga onse awiri, la chimangirizo ndi lopepesa lija. Ndinkayembekeza kuti andilimbikitsa kuti ndikalimbe mtima, koma sanatero. Anati, "Ukafuna kupepesa, kapepese, mdzukulu wanga. Ine ndakalamba, kusekedwa sikundichotsa mnofu." Anatambasula manja pa mbaula ngati nkhani yatha.

Mawu amenewo ndiwo anandisautsa. Akanandikakamiza, mwina ndikanalira n'kukapepesa ndithu. Koma anandimasula, ndipo ndinaona kuti anazolowera kuima kumbali kwa chithunzi, moti anali okonzeka kuimanso kumbali kuti ine ndisavutike. Ndinatenga nsapato yachitsulo ija n'kupita nayo pampopi. Ndinaikwecha ndi mchenga mpaka zala zinachita dzanzi ndi madzi ozizira. Makala tsiku limenelo tinatapa ndi chivundikiro cha poto.

Za mawa lake sizitalika. Nditaima kutsogolo, mawu anatuluka aang'ono moti ba Sakala anati ndibwereze. Ndinabwereza. Nsapato inayenda m'manja mwa kalasi lonse, ndipo mnyamata wa minibasi ya ku Chawama uja anaiyesa kuphazi kwake. Ba Sakala anaitembenuza kangapo, akusisita podyeka paja ndi chala. Sananene kuti akhulupirira. Anangodula mzere pa liwu lofiira lija, n'kulemba pambali kuti: Uwapemphe agogo abwere Lachisanu. Anabwera atavala jekete, ndipo belu litalira palibe anatuluka.

Agogo anatisiya patapita zaka zitatu. Nsapatoyo ili pa tebulo langa, imatsindira mapepala. Manyazi sanandithere, ndipo mpaka lero ndikamaima pamaso pa anthu lilime limayamba lauma. Chimene ndikuchimvetsa tsopano n'chakuti kukhala chete kwanga sindinkakulipira ndekha. Ndinkakuyesa ulemu, ndinkakuyesa kupewa mavuto, koma tsiku lija kukanalipiridwa ndi dzina la munthu amene sanandinamizepo. Ndinazindikiranso kuti tinakhala ndi umboni m'thumba la makala zaka zonsezo chifukwa palibe anafunsa funso lachiwiri.

Tsamba la Lachitatu lija lili ndi chidindo cha chala chakuda pakona. Mawu opepesa aja ndinawamata pomwepo, odulidwa mizere iwiri. Kunsi kwake, ndi zilembo zazing'ono za mwana woopa, ndinalemba izi:

"Mawa ndidzanyamula nsapato ya agogo m'chikwama, ndidzaikulunga m'nyuzipepala kuti isadetse mabuku. Ndidzayamba ndi kukonza cholakwa changa, kuti ndi kanayi, osati katatu. Akadzayamba kuseka, ndipo ndikudziwa kuti adzaseka, pamenepo ndiye pokhota. Sindidzachepetsa mawu."