Dontho Limene Ndinapatsa Mnzanga

Linali Lachinayi la sabata yachiwiri ya Okutobala, chaka chimene maofesi a boma ankasamuka ku Zomba kubwera kuno ku Lilongwe. Wotchi ya pakhoma m'nyumba ya abwana inali itangolira kakhumi. Nthawiyo ndikuidziwa bwino chifukwa ndi imene ndinkaperekera tiyi kwa adona pakhonde, ndipo thireyi inali m'manja pamene ndinamva munthu akundiitana kumpanda.

Ndinkagwira ntchito ya m'nyumba ku Eriya 3, kwa banja lina lochokera kumpoto. Abwana anali a mu ofesi, obwera ndi msamuko womwewo. Ine ndi amuna anga tinkakhala m'kanyumba ka antchito kuseri, pafupi ndi mtengo wa mapeyala. Amuna anga anali dalaivala wa lole. Ankanyamula matebulo, makabati achitsulo ndi mitolo ya mafayilo kuchokera ku Zomba, n'kumatula ku maofesi a boma ku Kapitolo ndi m'nyumba zatsopano. Ntchitoyo ankainyadira kwambiri. Ankati boma lonse ladutsa kumsana kwawo.

Masiku amenewo mzinda wonse unali fumbi lokhalokha. Kulikonse ankakumba, ankalambula misewu, ankamanga. Zovala za pachingwe zinkafiira zisanaume. Maso a amuna anga anayamba kuvuta. Ankati muli mchenga umene sutuluka, ndipo ankatikita mpaka zikope kutupa. Titapita kuchipatala cha ku tauni, adokotala anati maso awo ndi ouma, misozi yawo siikhalitsa pa diso. Anawalembera mankhwala a m'kabotolo kochepa ngati chala chachikulu.

Anesi anaitana ine, chifukwa amuna anga, munthu woyendetsa chilole chachikulu, ankaopa dontho ngati mwana. Anandionetsa zonse. Kusamba m'manja ndi sopo. Kukoka chikope cha m'munsi. Kudontheza dontho limodzi, kamlomo ka botolo kali m'mwamba, osakhudza diso, osakhudza chala. Pakatha milungu inayi chitsegulireni, kutaya ngakhale muli otsala. Poti ine sukulu ndinalekera panjira, anajambula timizere titatu pa kapepala: m'mawa, masana, madzulo. Pomaliza anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Amayi, kabotolo aka n'ka munthu mmodzi, ngati mswachi."

Ndinamva. Sindinganame kuti sindinamve.

Amene ankandiitana kumpanda Lachinayi lija anali akazi a alonda a nyumba yoyandikana nafe.

"Anzanga, tatulukani muone zimene zandigwera ine."

Maso awo anali ofiira psuu, manthongo achikasu atamata zikope.

"Ndamva kuti bambo a kuno ali ndi mankhwala a maso a kuchipatala. Dontho limodzi lokha."

"Anesi anati n'ka munthu mmodzi," ndinatero.

"Iii, anesi! Kani kutsuka mbale za adona kwakusandutsani adona? Mawa tikupezani mukudya therere ndi foloko."

"Bwanji osangopita kuchipatala?"

"Ana ndisiyire ndani? Bambo awo agona, achezera pageti."

Anaseka, nanenso ndinaseka, koma mawuwo anandilowa. Amayi amenewa ndi amene anandigwira pamene ndinapita padera kumayambiriro kwa chaka chomwecho. Anachapa nsalu zanga okha, osauza munthu. Kuseri kwa nyumba zikuluzikulu zija ife antchito tinkakhala mobwerekana. Mchere, singano, moto, mapiritsi a mutu, zonse zinkadutsa pampanda. Kumana mnzako mankhwala akudwala kunali ngati ufiti.

Ndinatula thireyi, n'kukatenga kabotolo pawindo. M'manja sindinasambe, ndinkathamangira kuti adona asandifune. Amayiwo anakhala pa njerwa n'kuyang'ana kumwamba. Pamene ndinkafinya, anadzidzimuka n'kutukula mutu, kamlomo ka botolo kanagunda diso lawo. Manthongo anamatirira pamenepo, ndinawaona ndi maso angawa. Ndinapukuta ndi nsonga ya chitenje, ndinatseka, ndinakabwezera pawindo.

Masana amuna anga anabwera kudzadya, chifukwa sabata imeneyo ankangozungulira m'tauni momwemo. Anagona chagada pamphasa monga mwa masiku onse.

"Bwerani, adokotala anga, mundizunze."

Ndinayamba ndi diso lamanzere.

Loweruka m'mawa diso limenelo linali lofiira. Lamulungu anadzuka litamatana, ndinachita kulitsegula ndi madzi ofunda. Ndinadziwa nthawi yomweyo. Manthongo ake anali achikasu ngati a amayi aja. Kutchalitchi tsiku limenelo sindinamve ulaliki.

Lolemba anali ndi ulendo wa ku Zomba.

"Bambo, bwanji muyambe mwapita kuchipatala?"

"Chifukwa cha fumbi? Amayi, makabati akundidikira. Ingondithirani madontho awiri lero."

Apa ndi pamene pali mlandu wanga weniweni. Kupatsa mnzanga dontho kunali kupusa, ndipo kupusa aliyense amapusa. Koma m'mawa umenewo ndikanangonena mawu ochepa, kuti kabotolo kakhudza diso la munthu wodwala, amuna anga akanapita kuchipatala. Sanali munthu wamakani pa zinthu zomveka. Sanalinso wankhanza, sanandikwezerepo dzanja. Chimene ndinaopa ndi nkhope yawo basi, kuti andiyang'ana bwanji. Kuti nditaye kabotolo mwakachetechete, akanafunsa chifukwa chake. Ndiye ndinatsegula kabotolo komweko, ndinawathira madontho awiri, ndinakakulunga m'kansalu n'kuwaikira m'thumba la malaya kuti akapitirize kunjira.

Anabwera Lachitatu masana, lole akuyendetsa dalaivala mnzawo. Anatsika atadziphimba kumutu ndi thawulo chifukwa kuwala kunkawabaya. Diso lamanzere silinkatsegukanso, ndipo lamanja linali litayamba kufiira.

Kuchipatala adokotala anawayang'ana nthawi yaitali ndi katochi. Anati diso louma limakhala ndi timikwingwirima tosaoneka, ndipo matenda akalowa amapeza khomo lotsegula. Tsopano pa galasi la diso panali chilonda. Kenako anapempha kabotolo. Anatsegula, anayang'ana m'kati mwa chitsekerero, n'kukaponya m'ndowa ya zinyalala.

"Kodi mankhwalawa anathiridwapo m'diso la munthu wina?"

Anafunsa akuyang'ana ine. Amene anayankha ndi amuna anga, ali chigonere, maso otseka.

"Ayi, adokotala. Amagwira ndi akazi anga okha, ndipo m'manja amasamba ngati akupita ku Mgonero."

Adokotala sanafunsenso. Ine ndinayang'ana pansi.

Anagonekedwa milungu iwiri. Tsiku lililonse ndikatha ntchito ndinkayenda wapansi kuchokera ku Eriya 3, kuwoloka mlatho, ndi chakudya m'kambale. Adona anandichitira chifundo, ankandilola kuweruka msanga, ndipo tsiku lina anandipatsa malalanje kuti ndikawapatse odwala. Aliyense ankanditama kuti ndine mkazi wosamala. Diso lamanja linapola. Lamanzere chilonda chinauma, koma chinasiya banga loyera pakati penipeni. Ankangoona kuti uku kwawala, uku kwada.

Amayi a kumpanda aja anachira patatha sabata, atapita okha kuchipatala. Anabwera kudzazonda ndi mazira atatu m'mbale. Tinayang'anana, ndinalandira mazirawo. Sindikudziwa ngati anazindikira. Mvula isanathe, amuna awo anapeza ntchito ku Eriya 9 ndipo anasamuka.

Amuna anga lole anawalanda. Sanawachotse ntchito, anawaika pageti la malo oimikapo magalimoto, kutsegula ndi kutseka. Munthu amene ankadziwa phiri lililonse la pakati pa Zomba ndi Lilongwe anayamba kukhala pa mpando wachitsulo tsiku lonse. Madzulo tikakhala pakhomo, lole ikamadutsa kumsewu, ankasiya kulankhula n'kutchera khutu.

"Ameneyo akupha giya," ankatero. "Ndani anamupatsa laisensi?"

Akandiona ndakhumata ankandiseka. "Musadandaule, amayi. Panopa mavuto ndikungoona theka."

Fumbi ankalitukwana mpaka ukalamba. Alendo akafunsa za diso, ankaloza ku Kapitolo n'kunena kuti nyumba zoyera zija zinamangidwa ndi diso lawo. Anthu ankaseka. Ine ndinkalowa m'nyumba kukatenga madzi amene palibe anapempha.

Ndinayesapo kamodzi kuulula. Linali Loweruka, mawa lake kuli Mgonero, ndipo abusa anali atatiuza kuti aliyense akonze za mumtima mwake. Amuna anga ankapolisha nsapato pakhomo.

"Bambo, za kabotolo kaja ka maso."

"Kati?"

"Kaja adokotala anataya."

"Mukadali nako m'mutu? Zaka zonsezi? Tandipatsani bulashi iyo."

Ndinawapatsa bulashi. Mawa lake ndinadya Mgonero pamodzi ndi anzanga.

Tinakhala zaka zambiri pambuyo pake. Tinachoka ku Eriya 3, tinamanga kanyumba kathu, tinalera ana atatu. Amuna anga anamwalira ndi chifuwa, nthawi ya dzinja, m'manja mwanga. Masiku awo omaliza ndinali ndi mpata wokwanira, tinkakhala awiriwiri kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Ndinkadziuza kuti munthu wodwala sasenzetsedwa katundu. Mwina n'zoona. Koma ndikudziwa kuti amene ndinkamuteteza ndi ine. Pamaliro amayi a mvano anaimirira n'kunena kuti atsikana atengere chitsanzo kwa ine, mkazi amene anasamala mwamuna wa diso limodzi osadandaula. Ndinalira kwambiri, ndipo iwo anandigwira mapewa.

Ana anga ndinawauza chaka chatha. Wamkulu anati palibe angatsimikize kuti ndi kabotolo, mwina matendawo anawatenga kwina. Wamng'ono anangotuluka panja. Sindinatsutsane ndi aliyense. Ine ndinaona chimene chinali pa kamlomo ka botolo, ndipo ndinali ndi masiku oti ndinene.

Tsopano maso anga nawonso auma ndi ukalamba, ndipo adokotala anandilembera madontho. Ndimasamba m'manja ndi sopo, ndimadontheza ndekha katatu pa tsiku, kamlomo kali m'mwamba. Tsiku lotsegula kabotolo katsopano ndimamanga mfundo pa kachingwe, Lamulungu lililonse ndimawonjezera ina, ndipo zikakwana zisanu ndimataya. Munthu akabwera kudzapempha dontho ndimakana. Akanditukwana ndimamusiya atukwane, kenako ndimavala nsapato n'kumuperekeza kuchipatala.