Mpando wa Akalipentala M'gemu

Akalipentala anakhoma mipando zaka makumi atatu, mpaka msana unakana. Mwana wawo wamkazi, yemwe amapanga magemu a pafoni, anawakhazika pakompyuta kuti aphunzire kuumba mipando ya m'gemu.

Sabata yoyamba ankangofunsa kuti misomali ili pati. Mpando woyamba unatuluka ndi miyendo isanu ndi iwiri, wachiwiri unamira pansi n'kutsala chotsamira chokha. Wachitatu unaima bwinobwino, koma atausuzumira m'kati anapeza mulibe kanthu, chikopa chokhachokha.

"Uku n'kupusitsa anthu," anatero, ndipo anatha mwezi wathunthu akudzazamo timatabwa. Mpandowo unalemera moti foni ikangoufika inkatentha n'kuzima.

Akalipentala ataupepuza monyinyirika, mwana uja anawaonetsa gemuyo. Msilikali wa m'gemumo analowa m'chipinda, ananyamula mpandowo n'kuuphwanyira pamutu pa chilombo.

"Iwe, munthuyu bwanji sanakhalepo n'komwe?" anafunsa Akalipentala.

"Ababa, ntchito yake ndi yomweyo."

Akalipentala anavula magalasi, ndipo masiku awiri sanamuyankhule mwanayo. Tsiku lachitatu anabwerera pakompyuta. Masiku ano amaumba miyala yokhayokha, ndipo umodzi ukamugwera msilikali uja amawomba m'manja.