Dzina la Bambo M'kope Langa la Masamu

Kope lija ndikadali nalo. Lili pansi pa sutikesi, pamodzi ndi khadi la kusikelo la mwana wanga. Ndi kope la masamu, koma masamuwo amathera pa tsamba lachisanu. Kuyambira pamenepo mpaka kuchikuto muli dzina la bambo anga lokhalokha, mzere ndi mzere, la inki yabuluu.

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Tinkakhala ku South B, m'fulati ya pamwamba, chifukwa bambo ankagwira ntchito ku bungwe lina la mayiko ambiri. Inali nyengo yozizira ya ku Nairobi, ija dzuwa limatha sabata osaoneka, yunifolomu n'kumaivala ikununkha chinyezi.

Matenda a bambo anabwera mwakachetechete. Mlonda wa pageti ankamupatsa moni kanayi m'mawa umodzi. Tsiku lina anakwera minibasi, ija amati matatu, yopita ku Pangani, n'kumuuza kondakitala kuti awatsitse pa Chinamwali, ngati ali kwathu ku Zomba. Chiswahili chinayamba kuwathawa, Chingerezi chikutsatira. Kuntchito anawapatsa tchuthi cha odwala.

Mayi wina wa khomo loyang'anana nafe, namwino wa ku Nairobi konkuno, ndiye anawakokera amayi pambali. Anati apite kwa loya msanga, bambo akasaine mapepala awiri: lina lopatsa amayi mphamvu yowachitira zinthu, lina lonena kuti nyumba yathu ya ku Zomba idzakhale ya amayi ndi ine. "Fulumirani mutu ukadalipo," anatero.

Amayi sanafulumire. Sindikuwaweruza ayi, inenso tsopano ndine mkazi wa mwini. Ankadikira bambo aakulu, achimwene awo a bambo, kuti abwere kuchokera ku Zomba adzaone ndi maso. "Ndikasainitsa ndekha, adzati ndinamudyetsa mankhwala mwamuna kuti ndilande nyumba," ankatero. Bambo aakuluwo ankalonjeza pa foni. Akakolola. Akagulitsa. Pasipoti ikatuluka.

Chinanso chinali siginecha. Dzanja la bambo linali litayamba kunjenjemera, ndipo amayi anaonapo pepala likubwezedwa ku banki chifukwa kasainidwe sikanafanane. Iwo ankati kwa loya kulinso chimodzimodzi. Ndiye ntchito anandipatsa ine.

Ndikaweruka kusukulu, ndinkatsamiritsa pasipoti ya bambo pa chitini cha shuga, tsamba la siginecha lili lotsegula. Bambo ankakhala atavala juzi yawo yobiriwira, yothothoka m'zigongono. Ndinkagwira dzanja lawo pamwamba, lozizira, n'kumaliyendetsa: chilembo chachikulu choyamba, kamchira kokhota, timadontho tiwiri. Kenako ndinkawasiya okha.

"Aphunzitsi, ndakhoza?" ankafunsa.

"Mwakhoza pang'ono, adadi. Bwerezani."

Akakhoza ndinkachonga. Pansi ana ankasewera mpira pakati pa magalimoto, ine ndikuwamva pa zenera. Kunyumba sikunkabwera munthu. Amalawi anzathu a kutchalitchi akafunsa, amayi ankati bambo ali paulendo wa ntchito, ndipo ine anandiletsa kutsegula pakamwa. Aphunzitsi a kusukulu atalipeza kopelo, anaganiza kuti ndikuphunzira kuba siginecha ya makolo. Anandiimika kutsogolo, kope lili m'mwamba, kalasi yonse ikuseka.

Miyezi iwiri inatha choncho. Dzanja linkakhoza, mwini dzanja akupita. Zimenezi ndikuziona lero, nthawi ija ndinkangowerenga zochonga zanga.

Bambo aakulu sanabwere. Mapeto ake anangoti, "Chitani zimene mwaganiza, mlamu, koma tidzakumana." Mawa lake amayi anawameta bambo ndevu, kuwamanga tayi, tonse n'kukwera matatu ya m'tauni.

Loya anali mayi wa magalasi, wolankhula mofatsa. Anawapempha amayi kuti adikire panja, kuseri kwa chitseko cha galasi. Ine anandisiya pa mpando wa pakona, mwina poona kuti ndine mwana. Anawafunsa bambo dzina, anayankha bwinobwino. Anawafunsa tsiku, iwo anaseka ngati afunsidwa zachibwana. Anawafunsa ngati akudziwa chimene abwerera, iwo anatulutsa cholembera m'thumba. Kenako loya analoza pa galasi paja. "Mayi aimawo ndi ndani wanu?"

Bambo anawayang'ana amayi nthawi yaitali, n'kuyankha m'Chichewa. "Amenewo ndi eni nyumba. Munthu wabwino kwambiri. Amatisunga bwino ine ndi mwanayu."

Loya sankamva Chichewa. Anatembenukira kwa ine. "Akuti chiyani?"

Apa ndiye pamene pamandisowetsa mtendere mpaka lero. Ndinamasulira. Mawu onse, osasiyako ndi limodzi, ndi Chingerezi changa chabwino cha m'kalasi. Ndikanangoti akuti ndi akazi awo, ndani akanadziwa? Ndikudziwa, loyayo anali ataona kale zokwanira, ndipo pepala la bodza silikanatiteteza. Mutu umadziwa zimenezo. Mtima ndiye sumamva.

Loya anawaitana amayi. Anati sangalole kuti bambo asaine, poti munthu ayenera kudziwa chimene akusaina. Anati chatsala n'kupita ku khoti ndi kalata ya dokotala, kukapempha kuti amayi akhale oyang'anira zinthu zawo, koma pepala la nyumba silingalembedwenso. Amayi anasolola kope langa m'chikwama. "Koma taonani, amasaina bwino. Takhala tikukonzekera."

Loya sanalitsegule n'komwe. "Mayi, siginecha si vuto. Ngakhale chidindo cha chala chikanakwana. Mukanabwera miyezi iwiri yapitayo."

Tinabwerera ku Malawi chaka chotsatira. M'nyumba ya ku Zomba tinapezamo mwana wa bambo aakulu, atapenta kale zitseko. Bambo anamwalirira m'nyumba ya lendi, akuwathokozabe amayi tsiku ndi tsiku chifukwa chowasunga.

Panopa ndinabwereranso ku Nairobi ndi banja langa. Mwana ali ndi miyezi itatu yokha ndinawakokera amuna anga kwa loya, iwo akuseka kuti ndikuwafulumizitsa kumanda. Ndikaiwala mawu pakati pa nkhani, ndimayamba kudzifunsa tsiku ndi mwezi. Amayi sindinawauzepo kuti ndinamasulira ndine. Sakudziwanso kuti anatchulidwa eni nyumba.

Koma tsiku lijalo zonsezi sindinkazidziwa. Akuluakulu ali mkati molankhula, bambo anali atakoka envulopu pa tebulo la loya n'kusainapo. Chilembo chachikulu, kamchira, timadontho tiwiri, ndendende ngati m'pasipoti. Sanasainepo bwino chotero. Ndinaibisa m'thumba la juzi, ndipo mu matatu ndinaitulutsa.

"Amami, taonani! Akhoza!"

Amayi ankangoyang'ana pa zenera. Ine ndinaganiza kuti akwiya chifukwa loya uja ndi wamwano, wakana kuona ntchito yathu. Ndinatenga cholembera m'thumba la bambo, ndinachonga, n'kuwaonetsa. Bambo anasangalala njira yonse mpaka ku South B.